Mtsikanayu ali ndi foni, nanga akuthamangiranji?

Nabanda: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikulemba sewero la pa wailesi, magawo 6, lililonse mphindi 15. Mtsikana wa ku Limbe watulukira kuti anthu amene akuperekeza mlongo wake ku Likoma akufuna kukamuponya m'nyanja. Ilala imanyamuka pa Monkey Bay Lachisanu m'mawa, ndiye ali ndi usiku umodzi wokha. Wojambula wandibwezera mapepala atalemba funso limodzi ndi cholembera chofiira: "Bwanji osangomuimbira foni?" Lero ndi tsiku lachitatu ndikungoliyang'ana.

Jere wa ku Area 25: Batire ithe basi. Magetsi anazima kuyambira m'mawa, ndani angatsutse?

Agogo Mbewe: Ayi achimwene, batire yakuthayo tinaitopetsa kalekale. Womvera amadziwa kuti apa wolemba wathawa. Mwanawe, foniyo igwire bwinobwino. Aimbe, koma ayankhe munthu wina, waulemu wake: "Ali kubafa, ndimuuza. Kodi muli pati, achemwali?" Iye n'kuyankha kuti ali pa depoti. Mawu atatuluka ndi pamene azindikire chimene wachita. Kuyambira pamenepo akuthamangira sitima uku naye akusakidwa.

Jere wa ku Area 25: Ndagonja, agogo.

Nachisale: Ine nkhawa yanga ili pa msewu. Musaike galimoto zothamangitsana ngati za m'mafilimu akunja, pa wailesi zimangomveka ngati chigayo. Mukwezeni minibasi yomwe yatsala mpando umodzi kuti idzadze. Kondakitala akukuwa "Zomba-Liwonde-Mangochi, mmodzi yekha!", dalaivala akuliza injini osasuntha. Kenako anyamata atatu amene anangokhalamo kuti ioneke yodzadza atsike. Aliyense amene anakwerapo minibasi mtima umuwawa pompo. Pa rodibuloko ya pa Liwonde wapolisi asakhale woipa, angokhala wosafulumira, akumasula chikwama chilichonse, mpaka thumba la mbatata.

Nabanda: Zimenezo ndatenga, achemwali. Koma nthawi ndiionetsa bwanji? Ndawerenga, mtsikanayu wanena kuti "nthawi yatha" kasanu ndi kawiri. Ndachita manyazi.

Agogo Mbewe: Asanene n'kamodzi komwe. Akamafika ku Mangochi kumveke kuitana kwa ku mzikiti, womvera adziwa yekha kuti kukucha. Patsogolo pake atambala, kenako kabaza woyamba. Hutala ya sitima muisunge, ilire kamodzi kokha, iye akadali patali.

Nachisale: Ndipo gawo 3 lija munatitumizira sabata yatha, pamene akukumbukira maliro a mayi ake kwa mphindi zinayi, ndinadzuka n'kukatereka tiyi. Pepani.

Nabanda: Iii, ndiye ndime imene ndimaikonda kwambiri imeneyo!

Nachisale: Isiyeni mizere iwiri, ainenere mayi wokhala naye pampando, foni ili kulira m'chikwama, nambala ya mlongo wake ija.

Nabanda: Ayankhe kapena asayankhe?

Agogo Mbewe: Gawo lithere pomwepo. Za kuyankha tidzamva sabata yamawa.