Za funso langa lija la zinc oxide: ndapeza chimene chimapha maselo

Masabata angapo apitawo ndinafunsa chifukwa chake maselo a mbewa amene ndikusunga mu labotale amafa msanga ndikawathira tizidutswa ta zinc oxide, pomwe ta titanium dioxide ta mlingo womwewo sitiwachita kanthu kwenikweni. Ine ndinkaganiza kuti nkhani yagona pa kuchepa kwa tizidutswato, poti tonse sitipitirira mananomita 100 (mu milimita imodzi muli mananomita miliyoni imodzi).

Ayi ndithu, yagona pa kusungunuka. Selo likameza kachidutswa, kamakathera mu lysosome, kathumba ka asidi komwe pH yake ndi pafupifupi 4.5 mpaka 5. M'menemo zinc oxide amasungunuka n'kutulutsa zinc wochuluka kwambiri nthawi imodzi. Zinc ameneyu amasokoneza mitochondria (tizigawo timene timapanga mphamvu m'selo), tinthu toopsa ta okosijeni timachuluka, selo n'kufa. Copper oxide amachitanso chimodzimodzi. Inu amene munandilangiza kuti ndiyerekeze ndi zinc chloride (mchere wa zinc) wosungunuka kale, zikomo kwambiri, maselo anafanso, zomwe zikusonyeza kuti wopha ndi zinc wosungunukayo.

Titanium dioxide sasungunuka chonchi, komabe ine sindikumukhulupirira. European Union inamuletsa m'zakudya mu 2022, bungwe lake loona za chitetezo cha zakudya la EFSA litalephera kutsimikiza kuti sawononga DNA. Sabata yamawa ndiyamba kuyeza DNA ya maselo amene anapulumuka aja.