Thadzi lafungatira: ndiliikire mazira angati?

Funso: Alimi anzanga, thadzi langa lachikuda layamba kufungatira, ndipo mazira alipo 17 chifukwa misoti inanso imaikira m'chisa chomwecho. Kodi ndiwasiye onse, nanga anapiye ndidzawasamale bwanji akadzaswa?

Yankho loyamba: Bambo, chotsanipo ena, pakuti thadzi lachikuda limafungatira bwino mazira 10 mpaka 12, ndipo amene amatsalira kunja kwa mapiko amazizidwa n'kusukusa. Sankhani osasweka, amene sanapitirire sabata imodzi chiikireni, muwalembe ndi makala kuti muzizindikira atsopano n'kumawachotsa tsiku lililonse. Mazira amaswa pakatha masiku 21, choncho madzi ndi gaga zikhale pafupi kuti thadzi lisamachokepo nthawi yaitali.

Yankho lachiwiri: Ine chimene ndimaopa kwambiri ndi utitiri, umene umathawitsa thadzi pachisa. Yalani udzu watsopano wouma, muwazemo phulusa.

Yankho lachitatu: Akaswa, musawalekerere kuyenda ndi make m'mame kapena poyera pamene pali akabawi; atsekereni masabata oyambirira, ndipo funsani alangizi a ziweto za katemera wa chitopa wodonthezera m'diso.