Tabwerako ku South Luangwa, ana ali bwino

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa mmene tingadzitetezere popita ndi ana ku South Luangwa, malo osungirako nyama zakutchire, kuchokera kuno ku Lusaka. Tinamvera amayi ena amene anati tisiye zovala zakuda ndi zabuluu chifukwa zimakopa kashembe. Mlamu wanga yekha anakakamira shati yake yabuluu, ndipo msana wonse unatupa ndi zilonda zolumidwa. Mankhwala oteteza malungo tinayamba kumwa tisananyamuke, usiku tinkagona m'neti.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti mvuu zimatuluka m'madzi usiku kukadya msipu. Ku Mfuwe, pafupi ndi chipata cholowera ku South Luangwa, ina inafika pakhomo penipeni, tikuimva ikubudula udzu! Kukada musatuluke nokha, dikirani mlonda wa tochi. Mwana akatentha thupi mutabwerako, thamangirani kukamuyezetsa malungo, ndipo adokotala muwauze kumene munali.