Kodi matchaja opanda chingwe angayende malonda muno mu Harare?

Naphiri, Mabvuku

Ndikupereka moni kwa nonse, abale anga. Ine ndili ndi tebulo la zipangizo za mafoni m'tauni, chakufupi ndi Gulf Complex, ndipo ndatha zaka 6 ndikugulitsa zingwe, matchaja, makava ndi magalasi oteteza sikirini. Mwezi wamawa ndikupita ku Johannesburg kukaoda katundu, ndipo amene ndimaoda kwa iye wanditumizira zithunzi za matchaja opanda chingwe, aja ooneka ngati kambale, amene munthu amangosanjikapo foni n'kuyamba kutchaja. Akundilimbikitsa kuti nditenge ambiri chifukwa kumeneko akuyenda. Mpamba wanga ndi madola 600 a ku America, ndipo ndimaganiza zoikapo 200 pa katundu ameneyu. Chikundibweza m'mbuyo n'chakuti pa zaka zonsezi, anthu amene anadzafunsapo tchaja yotereyi pa tebulo langa sakwana 10, ndipo awiri mwa iwo ankaganiza kuti foni idzitchajika ili m'thumba, monga mmene imagwirira netiweki. Paja safunsa anadya phula, choncho ndikupempha amene mukuzidziwa bwino mundifotokozere mmene matchajawa amagwirira ntchito, komanso ngati anthu a muno angawagule.

Banda wokonza mafoni, Mbare

Mayi Naphiri, mwachita bwino kufunsa musanakwere basi. Ndiyambe ndi kagwiridwe kake, chifukwa yankho la funso lanu la malonda lagona pamenepo. Mkati mwa kambale kaja muli waya wa kopa wokulungidwa mozungulira, umene ife okonza timautcha koyilo. Magetsi akamadutsa m'koyiloyo mosinthasintha mbali, pamabadwa mphamvu ya maginito, ndipo ngati kuseri kwa foni kuli koyilo ina, mphamvuyo imasandukanso magetsi amene amapita ku batire. Nzeru imeneyi si yatsopano ayi, Michael Faraday anaitulukira mu 1831. Chachikulu n'chakuti makoyilo awiriwa amayenera kuyandikana kwambiri, mamilimita ochepa chabe, ndiponso kulunjikana bwino. Makasitomala anu awiri aja sanalakwe kuyembekezera zambiri, dzinalo ndi limene limasocheretsa, chifukwa kambaleko kamafunabe chingwe ndi adaputa yolowetsa pa soketi. Chingwe chimangochoka pa foni, osati m'nyumba.

Pali muyezo umodzi umene makampani ambiri amatsatira, wotchedwa Qi, umene umayendetsedwa ndi bungwe la Wireless Power Consortium lomwe linakhazikitsidwa mu 2008. Nokia Lumia 920 inali nawo mu 2012, Samsung inauika mu Galaxy S6 mu 2015, ndipo Apple inayamba mu 2017 ndi iPhone 8 komanso iPhone X. Mukaona mayina amenewa muona kale vuto lake. Mafoni amene ndimatsegula tsiku ndi tsiku pa benchi langa ndi a Itel, Tecno, Samsung za gulu la A, Huawei zakale ndi Redmi, ndipo pafupifupi onsewa alibe koyilo kuseri. Foni yopanda koyilo mukhoza kuisiya pa kambale usiku wonse, m'mawa muipeza mmene munaisiyira. Ndiye musanawerenge phindu, muyambe mwayang'ana mafoni amene anthu amatulutsa m'matumba akamafuna kava pa tebulo lanu, chifukwa msika wanu weniweni ndi umenewo.

Adzakuonetsaninso tizipangizo tina topyapyala tomata kuseri kwa foni, tokhala ndi kachingwe kolowa pa poti, kabowo kaja kolowetsapo chingwe cha tchaja, amati timapatsa foni iliyonse luso lotchaja popanda chingwe. Ine timeneti sindingakulangizeni. Timatchaja pang'onopang'ono, timatentha, ndipo timatseka poti yomweyo imene munthu amafuna kugwiritsa ntchito akakhala pachangu. Kasitomala akabwerera nako kudzadandaula, amene ataye mbiri ndinu, osati amene anakapanga.

Koma ndisabise mbali ina imene imandikhudza ine monga wokonza. Ntchito imene imandibwerera kwambiri ndi ya mapoti owonongeka: fumbi la m'misewu yathuyi, zingwe zotchipa zimene zimagwedera, ana kukoka foni ili pa tchaja. Foni imene ili ndi koyilo, ngakhale poti itafa, mwiniwake amapitiriza kutchaja. Ndawalangizapo anthu angapo a ma iPhone akale kuti agule kambale m'malo mosinthitsa poti, ndipo anapita osangalala.

Mwale wa zamasola, Dzivarasekwa

Bambo Banda afotokoza bwino, ine ndingowonjezera za magetsi, poti ndi kumene ndimadyera. Kutchaja popanda chingwe kumataya mphamvu yambiri kuposa kutchaja ndi chingwe, ndipo mphamvu yotayikayo ndi imene mumaimva ngati kutentha kuseri kwa foni. Foni ikakhala mopendekera pa kambale, kapena ikakhala ndi kava yochindikala, kutayako kumakula. Komabe tisakokomeze. Batire ya foni ya 5000 mAh imasunga pafupifupi ma watt-hour 19 okha (umenewu ndi muyezo wa kuchuluka kwa mphamvu ya magetsi), pamene batire ya sola ya 100 Ah ya mavoti 12 imasunga pafupifupi 1200. Munthu amene ali ndi inveta kunyumba sangazindikire n'komwe kusiyanako, ngakhalenso pa mayuniti a ZESA, kampani yathu ya magetsi, sikuoneka.

Pamene kumapweteka ndi pa pawabanki. Pawabanki ya 10,000 mAh imasunga pafupifupi ma watt-hour 37, ndipo munthu wa kwathu kuno amene magetsi amuzimira kuyambira m'mamawa mpaka usiku amawerengera kadontho kalikonse. Tonse tikukumbukira mmene zinalili kumapeto kwa 2022, ndiponso mu 2024, madzi atatsika ku damu la Kariba kumene amapangira magetsi, pamene madera ambiri ankakhala maola okwana 18 opanda magetsi. Pa nthawi ngati imeneyo munthu safuna kuti gawo la mphamvu yake lithere m'kutentha. Palinso nkhani ya liwiro. Matchaja wamba a Qi amapereka mawati 5 mpaka 15, pamene mafoni ambiri a mtengo wapakatikati masiku ano amalandira mawati 33 kapena 45 kudzera pa chingwe. Magetsi akayaka kwa ola limodzi masana, aliyense amathamangira chingwe. Ndiponso foni ili pa kambale simungaigwire kuti muyankhe WhatsApp kapena kutumiza ndalama pa EcoCash popanda kudula kutchajako, ndipo kwa munthu wa geni imeneyo si nkhani yaing'ono.

Kutentha nakonso musakuderere, makamaka mu Okutobala. Batire ya lithium imakalamba msanga ikamatchajidwa ili yotentha, ndipo foni zambiri zimachepetsa zokha liwiro zikafika potentha kwambiri. Ine, mayi, ndikanakhala inu ndalama imeneyo ndikanaonjezera pa mapawabanki abwino ndi zingwe za USB-C zolimba, makamaka popeza ngakhale Apple inasamukira ku USB-C mu 2023 ndi iPhone 15.

Nambewe, Avondale

Ndikulemekeza zimene makolo anga mwanena, koma ndikuona kuti mukuyang'ana mbali imodzi yokha ya mzinda uno. Ine ndimagwira ntchito mu ofesi ina m'tauni, ndipo pafupifupi aliyense wa msinkhu wanga amene wayamba kulandira kangachepe amathamangira iPhone yogwiritsidwapo kale ntchito, 11, 12 kapena 13, kapenanso Samsung ya gulu la S yochokera kunja. Mafoni onsewa ali ndi koyilo, ndipo akugulitsidwa m'mashopu ambirimbiri a m'tauni momwemo, osati ku Borrowdale kwa anthu olemera kokha. Eni ake ambiri sadziwa n'komwe kuti foni yawo ili ndi luso limeneli chifukwa palibe anawaonetsapo. Mwina n'chifukwa chake safunsa pa tebulo lanu, amayi, popeza munthu safunsa chimene sanachionepo.

Chachiwiri, vuto la kupendekera limene Bambo Mwale atchula linachepa kuyambira mu 2020, pamene Apple inaika maginito mozungulira koyilo mu iPhone 12, zimene anazitcha MagSafe. Tchaja imadzimata yokha pamalo oyenera, ndipo munthu akhoza kunyamula foni n'kumaigwiritsa ntchito ili mkati motchaja. Mu 2023 bungwe lija la Qi linatenga njira yomweyi n'kuiika mu muyezo watsopano wa Qi2, wa mawati 15, kuti makampani enanso aitsatire, ndipo mu 2025 anaukweza kufika pa mawati 25. Chimene chikundipatsa chiyembekezo kwambiri ndi Infinix, imene ndi ya kampani ya Transsion, yomwenso ndi mwini wa Tecno ndi Itel. Mu 2024 anatulutsa mafoni a Note 40 okhala ndi kutchaja kopanda chingwe kwa maginito, pa mtengo umene munthu wamba angaufikire. Kampani imene imagulitsa mafoni ochuluka chotere mu Africa ikayamba chinthu, sichichedwa kutsikira ku mafoni otchipa, monga zinachitikira ndi kutsegula foni ndi chala, kumene kale kunali kwa olemera okha.

Ndiye ine sindikunena kuti mutenge timbale ta patebulo tambiri, chifukwa pamenepo ndikugwirizana ndi anzangawa kuti tidzakhalitsa pa shelefu. Zimene ndikuona anthu akuzifuna ndi ziwiri. Choyamba ndi pawabanki ya maginito yomata kuseri kwa foni, chifukwa munthu ali mu kombi kapena pa mzere ku banki safuna chingwe chikulendewera, ndipo zambiri mwa izo zili ndi poti ya chingwe, kotero kuti wofuna kusunga mphamvu akhoza kulumikiza chingwe. Chachiwiri ndi chogwirira foni cha m'galimoto chimene chimatchajanso, makamaka kwa madalaivala a inDrive, amene foni yawo imakhala yoyaka tsiku lonse ikuonetsa mapu ndipo amaichotsa ndi kuibwezera kambirimbiri.

Naphiri, Mabvuku

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Dzulo ndinachita zimene Bambo Banda ananena, ndinawerenga mafoni a anthu amene anagula makava. Mwa anthu 23, asanu ndi amene anali ndi iPhone kapena Samsung ya gulu la S, ndipo ndinadabwa chifukwa ndimayesa kuti akhala awiri kapena atatu. Mwanangu Nambewe, mfundo yako ya mapawabanki a maginito yandigwira mtima, makamaka popeza akakanika kuyenda kwa eni ma iPhone ndikhoza kuwagulitsabe ngati mapawabanki wamba. Ndaganiza zotsitsa ndalama ija kufika pa madola 80, nditenge mapawabanki ochepa, zogwirira za m'galimoto zitatu, ndi kambale kamodzi koika pa tebulo kuti anthu azidzionera okha. Funso langa lotsala n'lakuti ndikakafika kumeneko ndikasiyanitse bwanji chabwino ndi chachinyengo, popeza makatoni onse amalembedwa zokoma zokhazokha.

Banda wokonza mafoni, Mbare

Mayi, mukatenge foni imene ili ndi koyilo, ngakhale yobwereka kwa mwana wanu, ndipo musalipire musanayese. Muisanjike kwa mphindi 10 muone ngati batire ikukwera mosadukiza, kenaka muigwire kuseri. Kufunda pang'ono n'kwachibadwa, koma ikatentha moti simungaiike pa tsaya, katundu ameneyo mumusiye. Mukatero muchotse foniyo, muike kobiri kapena kiyi pakati pa kambale. Tchaja yopangidwa motsatira muyezo wa Qi imazindikira chitsulo chachilendo n'kudula mphamvu, ndipo zambiri zimaphethiritsa kanyali kochenjeza, pamene yachinyengo imangopitiriza kutenthetsa chitsulocho. Chizindikiro cha Qi pa katoni n'chosavuta kukopera, koma bungwe la Wireless Power Consortium lili ndi mndandanda wa katundu wovomerezeka pa intaneti, ndipo mukhoza kufufuzapo dzina ndi nambala ya chipangizocho muli m'shopu momwemo.

Mufunsenso adaputa imene chipangizo chilichonse chimafuna, chifukwa kambale kolembedwa mawati 15 sikangapereke mphamvu imeneyo mukakalumikiza ku adaputa yakale ya mawati 5, ndipo kasitomala adzati mwamugulitsa chakufa. Ndi bwino kugulitsa ziwirizi pamodzi. Pomaliza, anthu athu amakonda kusunga makhadi a ku banki, chitupa ndi ndalama mkati mwa kava ya foni, ndipo ena amamatapo mphete yachitsulo yogwirira. Muziwauza pogula pomwepo kuti azichotsa zimenezo asanatchaje, popeza khadi likhoza kuwonongeka ndipo mpheteyo imalepheretsa kutchaja. Mutengekonso makava ochepa okhala ndi maginito a iPhone 12 ndi 13, chifukwa pa kava wamba pawabanki ija simata bwino ndipo imagwa munthu akamatsika kombi.