Radar ndi liwiro la mphepo, kuphonyaku kukuchokera pati?

Kamwana_ka_fiziki:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndimawerenga za kamvuluvulu wa ku Bridge Creek ku Oklahoma, ku America, pa 3 May 1999, akuti radar yonyamulidwa pa galimoto ija ya Doppler on Wheels inayeza mphepo ya makilomita 484 pa ola, koma akuti nambalayi itha kukwera kapena kutsika ndi 32. 32 yonseyo? Makina odula chonchi nkumaphonya motere, vuto lili pati?

Mlonda_wa_mitambo:
Achimwene radar siiona mphepo ayi, imaona zinthu zomwe mphepo yanyamula, madontho a mvula, fumbi, tizilombo touluka. Ndiye mkati mwa kamvuluvulu muja mumakhala malata, matabwa, zibuma za nyumba za anthu, zinthu zolemera zomwe zimaponyedwera kunja ndipo siziyenda limodzi ndi mpweya, ndiye ukuyeza liwiro la thabwa nkumati ndi la mphepo. China chachikulu, radar imodzi imangodziwa chomwe chikubwera kwa iyo kapena kuchokako. Mphepo yodutsa chopingasa imawerengedwa ziro olo ikhale yozula mitengo. Nchifukwa chake ofufuza amaika ma radar awiri malo osiyana kuti aone namondwe mmodzi mbali ziwiri.

Nachisale88:
Ndionjezereko apa. Radar ili ndi malire a liwiro lomwe ingawerenge osasokonezeka, amati Nyquist velocity. Utalika wa funde la radar kuchulukitsa ndi ma pulse (maulendo omwe radar imaponya mafunde ake) a pa sekondi, kugawa ndi 4. Funde la masentimita 10 ndi ma pulse 1000 zikupatsa mamita 25 pa sekondi basi. Mphepo ikapitirira pamenepo nambala imatembenuka, yochoka imaoneka ngati ikubwera, pa skirini mumangoona kachigamba kobiriwira (mphepo yobwera) pakati pa zofiira (mphepo yochoka). Kompyuta imayesa kukonza koma mphepo ikamasinthasintha pafupipafupi nayonso imalakwa.

Mlonda_wa_mitambo:
Zoona amayi. Komanso mbalame! Ku America ma wind profiler, ma radar oloza kumwamba oyeza mphepo ya mmwamba, ankasocheretsedwa ndi mbalame zosamuka usiku, makina nkumawerenga ulendo wa mbalame ngati mphepo. Ndiye dziko ndi lozunguliranso, kuwala kwa radar kukamapita kutali kumakwera mmwamba, pa makilomita 100 kuli kale kupitirira kilomita imodzi pamwamba pa nthaka, mphepo yomwe ikusasula denga pansipa siikuonedwa nkomwe.

Kamwana_ka_fiziki:
Zikomo kwambiri, za thabwa zija zandigwira mtima. Ndiye kuti 484 ija inayezedwa mmwamba pang'ono, osati pa mutu pa anthu?