Injini ya makina otchetchera kapinga: tikonze kapena tigule ina?

Wa ku Chawama: Akuluakulu, kasitomala wa ku Kabulonga wabweretsa makina otchetchera kapinga, injini yake Briggs & Stratton yakale ija ya mavalavu a m'mbali. Ikufuka utsi wabuluu, oyilo ikumwa ngati madzi, chingwe ukakoka chikungobwera chopepuka. Pulagi ndasintha, kabuleta ndatsuka. Mwiniwake akuwafuna mvula ya Novembala isanagwe. Ndiike maringi atsopano a pisitoni?

Mdala wa ku Matero: Usathamangire sipanala, mwana wanga. Anyamata a m'mayadi akamachotsa udzu kumpeni amagoneka makina kabuleta ili pansi, oyilo n'kuthawira mu fyuluta ya mpweya. Utsi wotero si matenda. Onanso ngati oyilo sanapyole mzere, injini zimenezi zimangolowa pafupifupi 0.6 lita ya oyilo wa mtundu wa SAE 30. Zikakhala bwino zonsezo, thira kasupuni ka oyilo pabowo la pulagi, ubwezere pulagi, ukoke. Chingwe chikalimba, ndi maringi. Chikakhala chimodzimodzi, mavalavu ndiwo sakutseka, ndipo amenewo n'ngosavuta.

Wa ku Chawama: Chalimba, bamdala. Ndachotsa hedi, m'silinda muli mizere yoti chikhadabo chikukodwa. Fyuluta inali yong'ambika.

Mdala wa ku Matero: Basi, fumbi la m'chilimwe lamaliza ntchito. Silinda ya zambiri zoterezi ndi aluminiyamu yokhayokha, ilibe chitsulo mkati. Maringi atsopano pakhoma lokalika sagwira, utsi ubwerera ndipo wotukwanidwa ukhala iwe. Kukulitsa silinda n'kufunafuna pisitoni yokulirapo, ndalama yake bola injini ina.

Wa ku Garden: Mdala wanena zoona. Koma achimwene, musanapite m'tauni yezani shafuti, chitsulo cha injini chozunguza mpeni. Ina ndi 22.2 mm, ina 25 mm, utali wakenso umasiyana. Ikafupika mpeni ubisala m'mwamba osafika pakapinga. Mabowo a mabawuti muyezenso. Wina asakunamizeni ndi injini ya jenereta kapena ya pampu, shafuti yake ndi yopingasa pomwe apa pakufunika yoloza pansi. Kasitomala ngati thumba lilipo, Honda GXV160 ili ndi chitsulo m'silinda. Za ku China nazonso zimagwira, bola oyilo woyamba achotsedwe msanga.

Wa ku Chawama: Shafuti yatuluka 22.2 mm. Kasitomala ndamuimbira, wavomera injini yatsopano.

Mdala wa ku Matero: Umulipiritse ndi fyuluta yapadera, umuonetsenso mnyamata wakeyo mbali yogonekera makina. Injini yakaleyo usagulitse kwa a zitsulo, koilo ndi kabuleta ndidzatenga ine Loweruka.