Ekizozi ya Honda CG125 yakale ikupumira pa hedi

Moni nonse akuluakulu. Ndili ku Ulongwe, ku Angónia m'dziko la Mozambique, ndi Honda CG125 ya 1978 imene ekizozi yake ikutulutsa mpweya pamene paipi imalumikizana ndi hedi (mutu wa injini). Mwaye wakuda wazungulira pakamwa pa paipi, ndipo ndikabweza mafuta potsetsereka imaphulitsa ngati mbuliwuli.

Ndinaika gasiketi yatsopano ya kopa, sizinathandize. Vuto lenileni ndi bawuti imodzi mwa ziwiri zogwira paipi: mazinga ake mu aluminiyamu anadyeka, moti ikumangozungulira osamanga. Paipinso yadyeka ndi dzimbiri pokhota pamunsi, pali kabowo kolowa kamtengo ka machesi. Wowotcherera wina anayesa ndi magetsi, chitsulo n'chopyapyala, bowo linangokula.

Ndiye ndithandizeni. Pa hedipo ndiike helicoil (kawaya kopota kolowa m'malo mwa mazinga odyeka), kapena ndiboole n'kudula mazinga okulirapo, poti aluminiyamu wa pamenepo ngwochepa? Bowo la pa paipi lija kuwotcherera ndi gasi ndi waya wa bulasi kungapirire kutentha kwa pafupi ndi injini? Nanga paipi ya njinga za ku China zotengera CG, zimene zadzaza ku Tete ndi ku Dedza, imakwana popanda kudula pogwirira pake?